Kulowa mpikisano wa CQ World Wide muli ku Malawi: eriyo, nthawi ndi kaitanidwe

Loweruka ndi Lamulungu omaliza amene onse awiri agwera mu Okutobala, mukatsegula wailesi ya HF, yolankhulirana ndi anthu akutali, pa bandi (gawo la mafunde a wailesi) ya mamita 20 kapena 15 mumaipeza yadzaza mpaka kusowa poponda. Anthu zikwizikwi amakhala akutchula zilembo ndi manambala mothamanga, wina pamwamba pa mnzake. Umenewo ndi mpikisano wa CQ World Wide DX wa mawu, umene ambiri amangoti CQ WW SSB. Unayamba mu 1948, ndipo mnzake wa Morse amachitika kumapeto kwa Novembala. Umatenga maola 48, kuyambira 0000 UTC Loweruka mpaka 2359 UTC Lamulungu. Pa nthawi yathu ndiye kuti mumayamba 2 koloko usiku wa Lachisanu kucha Loweruka, n'kumaliza itatsala mphindi imodzi kukwana 2 koloko usiku wa Lamulungu kucha Lolemba.

Malangizowa ndalembera munthu amene ali ndi laisensi kale, ali ndi wailesi ya mawati 100, waya pang'ono ndi mtengo wautali pakhomo, koma amaganiza kuti mpikisanowu ndi wa anthu a ku Ulaya okhala ndi milongoti yachitsulo. Zimandiwawa ndikamva maganizo amenewa, chifukwa chimene inu muli nacho iwo sangachigule ndi ndalama. Callsign (dzina la siteshoni pa wailesi) yoyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi, imamveka mwa apo ndi apo pa mpikisano, ndipo aliyense amene akufuna kupambana amaifuna pa bandi iliyonse. Zonse zimene zikutsatirazi zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi masamu a mapointi

Musanakhudze waya, mvetsani kawerengedwe, chifukwa ndi kamene kadzakuuzeni kolozetsa eriyo ndi nthawi yogona. Mukalankhulana ndi siteshoni ya kontinenti ina mumapeza mapointi 3. Ya dziko lina la mu Africa momwemuno ndi pointi 1, ndipo ya m'dziko lanu lomwe ndi 0. Mapointi onse amachulukitsidwa ndi ma multiplier, amene ali mitundu iwiri: zoni iliyonse yatsopano ndi dziko lililonse latsopano, ndipo amawerengedwa payekhapayekha pa bandi iliyonse. Mabandi ake ndi asanu ndi limodzi: mamita 160, 80, 40, 20, 15 ndi 10. Pa mamita 30, 17 ndi 12 sipachitikira mpikisano.

Dziko lonse lapansi analigawa m'mazoni 40. Malawi ili mu zoni 37 pamodzi ndi Mozambique, Tanzania, Kenya ndi Uganda. Anzathu a ku Zambia, a 9J, ali mu zoni 36, pomwe Zimbabwe ndi South Africa zili mu 38. Chimene mumapatsana pa wailesi ndi lipoti la mmene mawu akumvekera ndi nambala ya zoni basi. Inu mudzanena "five nine three seven" (lipoti 59, zoni 37) kambirimbiri mpaka pakamwa kuuma.

Tiyerekeze kuti mwalankhula ndi anthu 400 a kunja kwa Africa. Amenewo ndi mapointi 1,200. Ngati onsewo munawapeza pa bandi imodzi, mwina ndi mazoni 20 ndi mayiko 60, zotsatira zanu ndi 1,200 kuchulukitsa ndi 80, zimene ndi 96,000. Koma anthu 400 omwewo mukawagawa pa mabandi atatu, n'kupeza mazoni 40 ndi mayiko 110, mwafika pa 180,000. Ntchito ya pakamwa ndi yomweyo, kusiyana kwabwera chifukwa chosintha bandi.

Kawerengedwe kameneka ndi kamene kamachititsa kuti masiteshoni a ku Morocco, Canary Islands, Madeira ndi Cape Verde azikhala pamwamba chaka ndi chaka. Ali mu Africa, koma Ulaya ali pakhomo pawo, ndiye aliyense wa ku Germany kapena Italy amawapatsa mapointi 3. Ife mwayi wa mapointi 3 tili nawo womwewo, kungoti kuchokera ku Lilongwe kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000. Dziwaninso kuti zilumba zimenezi kwa inu ndi pointi 1 yokha, ngakhale zili kutali chonchi.

Mapepala ndi gulu lolowamo

Onetsetsani kuti laisensi yanu ya ku MACRA sinathe, ndipo muone mphamvu ndi mabandi amene ikukulolani. Amene muli ku Zambia ndi ZICTA, ku Mozambique INCM, ku Zimbabwe POTRAZ. Kenako werengani malamulo a chaka chimenecho pa cqww.com, chifukwa tinthu tina timasintha.

Ndi mawati 100 mumalowa gulu la Single Operator Low Power. QRP ndi mawati 5, High Power imafika mawati 1,500. Mukamaona pa intaneti malo amene masiteshoni ena ali, muli m'gulu la Assisted, ndipo muyenera kunena choncho. Kwa woyamba ndimalimbikitsa Classic: wailesi imodzi, popanda thandizo la intaneti, maola 24 okha mwa 48 aja, ndipo kupuma kulikonse kusachepere mphindi 60. Mumagona, mumapita kutchalitchi, mumadya ndi banja, n'kupikisana ndi anthu amene achita chimodzimodzi. Ngati laisensi yanu sinakwane zaka zitatu, palinso gulu la Rookie.

Eriyo: apa ndi pamene muyenera kuthera masabata

Eriyo yoyamba ikhale dipole, waya wodulidwa pakati pamene pamalowa nthambo ya coax. Kutalika kwake konse m'mamita ndi 143 kugawa ndi frequency mu MHz. Pa 14.2 MHz ndi mamita 10.07, pa 21.25 ndi 6.73, pa 28.5 ndi 5.02, pa 7.1 ndi 20.14. Waya wamagetsi wa m'nyumba wa 1.5 kapena 2.5 mm wa m'mahadiweya ndi wokwanira. Wokutidwa ndi pulasitiki amafuna kufupikirapo pang'ono poyerekeza ndi wosakutidwa. Kumapeto ikani tizidutswa ta paipi ya PVC toboola, n'kumanga chingwe cha nayiloni.

Dipole imaponya mphamvu cham'mbali mwa waya, osati kumene wayayo waloza. Kuchokera ku Lilongwe, London ili pa madigiri pafupifupi 339, Berlin pa 347, New York pa 309, Tokyo pa 57, São Paulo pa 249. Ambiri mwa amene mudzalankhule nawo ali ku Ulaya, choncho waya wanu ayende kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo kuti mbali yake iyang'ane kumpoto. Mukamumanga kuchokera kumpoto kupita kummwera chifukwa choti mitengo yanu ili choncho, mwataya Ulaya musanayambe. Kuli bwino kudzala nsungwi yaitali kapena mlongoti wabulugamu pamalo oyenera kusiyana ndi kumvera mtengo wamango.

Kukwera m'mwamba n'kofunika kuposa china chilichonse chimene mungagule. Kuti mawu apite kutali, eriyo ikhale pamwamba theka la kutalika kwa funde lake: mamita 10 pa bandi ya 20, mamita 7 pa bandi ya 15, mamita 5 pa bandi ya 10. Ikatsika kwambiri imaponya mphamvu molunjika kumwamba, ndipo mudzamveka bwino ku Lusaka ndi ku Harare koma osati ku Warsaw. Ngati muli ndi mlongoti umodzi wokha, kwezani pakati, mapeto atsike mbali zonse, koma ngodya ya pamwambayo isachepere madigiri 90. Ndipo chonde, mlongoti ndi waya zikhale kutali ndi nthambo zamagetsi, kutali moti ngakhale zitagwa sizingafikeko.

Nthambo imodzi ya coax itha kudyetsa ma dipole angapo. Lumikizani wa mamita 40, wa 20 ndi wa 10 pakati pamodzi, mapeto awo atalikirane. Wa mamita 40 amagwiranso ntchito pa 15, chifukwa 21 MHz ndi katatu ka 7 MHz, ngakhale mwina mungafunike tuner ya m'wailesi kuti muwongole SWR, muyezo wosonyeza ngati eriyo ikugwirizana bwino ndi wailesi. Pali chinthu chimodzi chokoma apa. Waya wa mamita 40 akamagwira pa 15, mphamvu yake yambiri siipitanso cham'mbali, imatuluka mopendama pafupifupi madigiri 45 kuchoka pa waya. Kwa waya woyenda kum'mawa ndi kumadzulo, mbali ziwiri mwa zimenezo zimagwera kufupi ndi Japan ndi kum'mawa kwa America. Ndiye mukakhala ndi dipole yapayokha ya mamita 15 yoyang'ana ku Ulaya, ndi wa 40 uyu pambali, muli ndi maeriyo awiri osinthanitsa pa bandi imene mwina idzakupatseni mapointi ambiri.

Poyesa, kwezani eriyo pamalo ake enieni, osayesera pansi. Pezani frequency imene SWR yatsikitsitsa. Tinene kuti ya mamita 20 yatsikira pa 13.9 pomwe inu mukufuna 14.2. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 2 peresenti, ndiye waya watalika ndi masentimita 21. Tsitsani, pindani masentimita 10 mbali iliyonse n'kuwapotera pa waya yemweyo, musadule, kwezaninso, yesaninso. Pa ma dipole olumikizana yambani ndi wamtali, chifukwa mukamukhudza amasuntha anzake. SWR yosapitirira 2 kwa 1 pa gawo la bandi limene mudzagwiritse ntchito ndi yokwanira. Musathere Loweruka lonse kufunafuna 1.0.

Pamene coax ikulumikizana ndi waya, ikulungeni kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu pa paipi ya masentimita 10 mpaka 15 m'mimba mwake. Izi zimachepetsa mphamvu yobwerera m'nyumba kudzera kunja kwa nthambo, imene imazimitsa laputopu kapena kukuwotchani pamlomo mukakhudza maikolofoni. Matani polumikizira ponse ndi tepi kuti madzi asalowe. Coax ya mtundu wa RG-58 imataya mphamvu yochuluka pa 28 MHz ikatalika, choncho ngati mtunda ukupitirira mamita 20 kapena 30, funani RG-213.

Amene muli ndi nthawi, Moxon ya mamita 10 ndi yoyenera thukuta lanu. Ndi mawaya awiri opindidwa pa nsungwi zinayi, m'lifupi mwake mamita osakwana 4, ndipo imakulitsa mawu a kutsogolo n'kutsekereza a kumbuyo. Pa mamita 40, ngati simungakweze dipole kupitirira mamita 10, yesani waya woima chilili wa mamita 10 wokhala ndi mawaya ena angapo a utali womwewo oyala pansi mozungulira. Amafika kutali kuposa dipole yotsika, koma amatolanso phokoso lambiri.

Kuti mudziwe ngati eriyo ikumva, tcherani pa 14.100, 21.150 kapena 28.200 MHz. Pamenepo pali ma beacon 18, masiteshoni oulutsa okha a mabungwe a NCDXF ndi IARU, amene amasinthana, aliyense masekondi 10, kuzungulira dziko m'mphindi zitatu. Aliyense amatchula dzina lake mu Morse, kenako amatulutsa mawu anayi pa mawati 100, 10, 1 ndi 0.1. OH2B ili ku Finland, 4X6TU ku Israel, JA2IGY ku Japan, 4U1UN ku New York. Mverani sabata yathunthu mpikisano usanafike, m'mawa, masana ndi madzulo, muzilemba amene mwamva ndi nthawi yake. Pepala limenelo lidzakhala ndondomeko yanu.

Magetsi, phokoso ndi mphenzi

Konzekerani ngati magetsi adzathima, chifukwa akathima bandi ili yotseguka simudzawabweza maolawo. Wailesi ya mawati 100 imakoka ma ampi pafupifupi 20 pa mavoti 13.8 mukamalankhula, ndi 1 kapena 2 mukamamvetsera. Batire ya 100 Ah yochajidwa bwino idzakusungani maola angapo, koma ya mtundu wa lead musaitsitse kupitirira theka. Nthambo yochoka pa batire ikhale yonenepa, yaifupi, yokhala ndi fyuzi. Mavoti akatsika mawu anu amayamba kusweka inu osadziwa. Zikatero tsitsani mphamvu kufika mawati 50. Kwa wokumverani kusiyana kwake ndi theka chabe la nambala imodzi pa mita yake.

Phokoso lambiri limachokera m'nyumba mwanu momwe. Lumikizani wailesi ku batire, zimitsani switchi yaikulu ya nyumba, muone ngati phokoso latsika. Likatsika, yatsani zinthu chimodzichimodzi. Kawirikawiri olakwa amakhala machaja a foni otchipa, mababu a LED, inveta, chowongolera sola ndi chaja ya laputopu yomweyo. Simungayankhe munthu amene simukumumva, ndipo ambiri odzakuitanani adzakhala ndi mawu ofooka.

Kumapeto kwa Okutobala ndi nyengo ya chizimalupsa. Kunja kukatentha masana, mitambo n'kuyamba kuunjikana, mudzamva kuthetheka pa mamita 40 ndi 80 mabingu asanamveke n'komwe. Mukamva bingu, lekani pomwepo. Masulani coax pa wailesi, itulutseni kunja kwa nyumba, muisiye pansi kutali ndi khoma, muzulenso pulagi. Mphepo ya mvula ikamawomba pa waya wautali, pulagi ya coax yomasulidwa imatha kumathetheka yokha timoto tabuluu pakati pa chitsulo chapakati ndi chakunja, mphenzi isanagwe paliponse. Timoto timeneto ndi tokwanira kupha wailesi.

Kompyuta ndi wotchi

N1MM Logger+, pulogalamu yolembera logi (kaundula wa amene mwalankhula nawo), ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows. Ikani sabata ziwiri mpikisano usanachitike, sankhani CQWWSSB, lembani zoni 37, tsitsani mndandanda watsopano wa mayiko, ndipo yesererani kulemba ma callsign mpaka zala zizolowere. Wotchi ya kompyuta ikhale yolondola, ndipo logi yonse ikhale mu UTC, maola awiri kumbuyo kwa nthawi yathu. Ngati wailesi yanu ingalumikizidwe ndi kompyuta, teroni, kuti musadzalembe anthu a pa mamita 15 ngati a pa 20. Mahedifoni ndi ofunika, komanso switchi yopondera ndi phazi kuti manja onse akhale pa kiyibodi. Mtundu wa kaulutsidwe ka mawu woti musankhe pa wailesi ndi LSB pa mamita 40 kutsika pansi, ndi USB pa 20 kukwera.

Bandi iti, nthawi yanji

Dzuwa limayenda m'nyengo za zaka pafupifupi 11, ndipo nyengo imene tilimoyi inafika pachimake cha m'ma 2024. Zaka zikamapita bandi ya mamita 10 idzayamba kufupika, ntchito yambiri n'kusamukira pa 15 ndi 20. Lamulo losasintha ndi ili: khalani pa bandi yapamwamba kwambiri imene yatseguka, chifukwa kumeneko mawati 100 ndi waya zimamveka bwino ndipo phokoso ndi lochepa.

Poyambira pa 2 koloko usiku, yesani mamita 40 ndi 20. Pa 40 masiteshoni akuluakulu a ku Ulaya amakhala akumenyana okhaokha ndipo kulowapo n'kovuta, choncho tolani amene akukumvani, musaumirire. Dzuwa likamatuluka cha m'ma 5 koloko pamakhala mphindi zochepa zimene 40 imatseguka bwino kupita ku America. Zimenezo musaziphonye. Kukacha pitani pa 20, kenako 15 ndi 10 kuyang'ana ku Japan ndi ku Asia. Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndiye ikamakwana 10 koloko kuno kumeneko dzuwa likulowa. Kuyambira m'mawa womwewo mpaka madzulo, 15 ndi 10 ndi za Ulaya, ndipo amenewa ndi maola anu a golide. Masana enieni mamita 20 amafooka, musadabwe. Kuyambira cha m'ma 2 koloko masana kum'mawa kwa America kwacha, ndipo amayamba kumveka pamodzi ndi a ku Ulaya. Dzuwa likalowa musathamangire kutsika, chifukwa njira zodutsa pa equator zimakonda kukhalabe zotseguka madzulo. Ikatsekeka 15, pitani pa 20 mpaka usiku, muziponyako khutu pa 40 kufuna Asia ndi Australia. Kugona kuikeni pakati pa usiku ndi mbandakucha.

Khalani pamalo amodzi, muitane

Pali njira ziwiri zochitira mpikisano: kuyendayenda pa bandi kuyankha oitana, kapena kukhala pa frequency imodzi n'kumaitana CQ, kutanthauza kuitana aliyense amene akumva. Woyamba aliyense amakopeka ndi kuyendayenda chifukwa sikuchititsa mantha. Kwa inu wa 7Q kumeneko n'kutaya chuma. Muli ngati munthu yekhayo amene wabwera ndi chambo pamsika: simuyenda ndi dengu khomo ndi khomo, mumakhala pansi ogula n'kukupezani. Mukamayankha ena mumapikisana ndi masiteshoni amphamvu amene ali pafupi nawo, ndipo maeriyo awo ambiri aloza ku America kapena ku Japan, osati kummwera. Mukamaitana nokha, munthu mmodzi akangokumvani n'kulengeza pa DX cluster, malo a pa intaneti olengezerapo masiteshoni amene amveka, maeriyo amatembenukira kwa inu.

Pezani malo chakumtunda kwa bandi kumene kuthinana kwachepa. Kumbukirani kuti a ku America ambiri, a laisensi ya General, saloledwa kulankhula pansi pa 14.225 ndi 21.275, ndipo pa mamita 10 mawu awo amayambira pa 28.300. Pa mamita 20 musapitirire 14.300. Funsani kaye ngati pali munthu, kenako itanani mwachidule: "CQ contest", callsign yanu m'zilembo zodziwika za Alfa, Bravo, Charlie, n'kumvetsera masekondi awiri kapena atatu. Kuitana kwakutali kumathamangitsa anthu. Pakatha mphindi zisanu kapena khumi popanda woyankha, sunthani kapena sinthani bandi.

Akakupezani, adzabwera onse nthawi imodzi, ndipo mudzangomva chiphokoso chopanda mutu. Mtima usathamange. Tsitsani RF gain (batani la mphamvu ya kumva kwa wailesi) pang'ono kuti amphamvu asiyane ndi ofooka, ndipo gwirani chilichonse chimene khutu latola, ngakhale zilembo ziwiri. Nenani "Delta Lima Three, five nine three seven". Iye adzatchula callsign yake yonse ndi "five nine one four", popeza DL ndi Germany, imene ili mu zoni 14. Bwerezani callsign yonseyo kuti amve kuti mwailemba bwino, nenani "thanks" ndi callsign yanu, basi. Zonsezi ndi masekondi osakwana 20.

Chofunika kwambiri pa chikhamu chotere ndi kusagonja. Mukaitana "Delta Lima Three" n'kuyankha wina wamphamvu wa zilembo zina, musamutenge. Bwerezani "Delta Lima Three only" mpaka mwini wake amveke. Mukangolola kamodzi wolowerera, onse aona kuti kukuwa kumalipira, ndipo simudzamvanso kanthu. Akaona kuti mumasunga mawu anu, amakhala chete n'kudikira, chifukwa akufuna zoni 37. Tchulani callsign yanu pafupipafupi. Malamulo amati kukhala nthawi yaitali osadzitchula ndi khalidwe losayenera, komanso anthu ongoganizira dzina lanu amalilemba molakwika.

Lembani zimene mwamva, osati zimene kompyuta yalosera. America ili ndi mazoni 3, 4 ndi 5, ndipo nambala ya mu callsign siikuuzani kumene munthu akukhala lero. Russia nayo yatambalala mazoni angapo. Wina akakuitanani kachiwiri pa bandi yomweyo, musakangane naye, mulembeninso. Kubwereza kulibe chilango, ndipo mwina koyamba kuja sanakulembeni bwino.

Kulakwitsa callsign ndiye kumapweteka. Oyang'anira amafananitsa malogi onse ndi kompyuta. Mukalemba chilembo cholakwika, kapena mukalemba munthu amene iye sanakulembeni, amachotsa kulankhulanako n'kukudulaninso mapointi ake kawiri. Pa kulankhulana kwa mapointi 3 mwataya 9, ntchito ya anthu atatu. Kufunsa "again?" kumatenga masekondi atatu okha. Ngati mwafunsa kangapo osamvabe, muuzeni momveka kuti sizinatheke, ndipo musamulembe.

Nthawi yochoka pamalo anu

Ma multiplier ambiri adzakupezani okha mukamaitana, koma ena muyenera kuwatsata. Masamu aja akuthandizani kudziwa kuti mutayepo nthawi yochuluka bwanji. Muli pa mapointi 1,200 ndi ma multiplier 150, multiplier imodzi yatsopano imawonjezera 1,200, pomwe munthu mmodzi wamba wa ku Ulaya amawonjezera 450. Ndiye multiplier ndi yofanana ndi anthu atatu osakwana. Ngati mukulemba munthu mmodzi pa mphindi, musathere mphindi zoposa zitatu mukukuwira dziko limodzi. Lembani frequency yake, mudzabwerenso pakatha theka la ola. Lamulungu masana masiteshoni akuluakulu amakhala atatopa ndi kuitana kopanda woyankha, ndipo amene Loweruka sanakumveni amakumvani kamodzi kokha.

Anansi athu ndi amene amaiwalika. Zambia pa mamita 40 ndi pointi 1, koma ikhoza kukupatsani dziko latsopano ndi zoni 36 nthawi imodzi. South Africa, Namibia kapena Botswana ikupatsani 38, Mauritius, Réunion kapena Madagascar ikupatsani 39. Zoni yanu yomwe ya 37 siibwera yokha, muyenera kulankhula ndi munthu wa mmenemo pa bandi iliyonse. Mnzanu wa 7Q ndi mapointi 0, komabe amakupatsani Malawi ngati dziko ndi zoni 37, ma multiplier awiri. Mukapeza mnansi wotere, mufunseni pomwepo pa wailesi ngati angapite nanu pa bandi ina, mutchule frequency, mupite, mubwerere. Kupangana zimenezi pa foni kapena pa WhatsApp mpikisano uli mkati n'koletsedwa. Dziwaninso kuti mu mpikisanowu Sicily, ya IT9, imawerengedwa padera ndi Italy, chimodzimodzinso gawo la Turkey la ku Ulaya.

Imwani madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi kulankhula kosalekeza zimatha mawu msanga. Ngati wailesi kapena kompyuta yanu ingasunge mawu, jambulani CQ yanu kuti makina aziitana m'malo mwanu.

Logi ndi zotsatira

Mpikisano ukatha, tulutsani logi mu mtundu wa fayilo wotchedwa Cabrillo, onani kuti gulu, mphamvu ndi callsign zalembedwa bwino pamwamba, n'kuitumiza pa cqww.com. Masiku otumizira ndi ochepa kwambiri, choncho teroni Lolemba lomwelo. Musakonze ma callsign pofufuza pa intaneti kapena pomveranso zojambula, malamulo amakana. Tumizani ngakhale mutalankhula ndi anthu 30 okha, chifukwa logi yanu ndi umboni wa multiplier ya aliyense wa iwo. Ikaninso logiyo pa intaneti, pa Logbook of The World ya bungwe la ku America la ARRL ndi pa Club Log, popeza ambiri okuitanani akufuna Malawi pa satifiketi yawo ya DXCC, yowerenga mayiko amene munthu walankhula nawo.

Pa 3830scores.com anthu amalemba okha zimene apeza pamodzi ndi ndemanga za mmene mabandi analili. Manambala amenewo sanafufuzidwe, ndipo amatsika zotsatira zenizeni zikatuluka pakapita miyezi. Poziwerenga musadziyerekeze ndi Morocco kapena Aruba. Yang'anani masiteshoni a gulu lanu a mu zoni 36, 37 ndi 38, muone mmene anagawira anthu awo pa mabandi. Ngati wina wa mawati 100 ku Namibia anapeza mayiko ambiri pa mamita 10 pomwe inu munapeza ochepa, funso lili pa eriyo yanu ya bandi imeneyo kapena pa maola amene munali kwina.

Aliyense wotumiza logi amalandiranso lipoti lake la zolakwika. Limasonyeza callsign iliyonse imene munalakwitsa pamodzi ndi yolondola yake, zoni zimene munamva molakwika, ndi anthu amene analakwitsa dzina lanu. Liwerengeni ndi cholembera m'manja. Ngati mukusokoneza zilembo zomwezomwezo, mwadziwa choyeserera. Ngati anthu ambiri analemba callsign yanu ndi cholakwika chofanana, vuto lili pa katchulidwe kanu kapena pa maikolofoni, ndipo muli ndi nthawi yokonza zimenezi CQ WPX ya mawu isanafike kumapeto kwa Malichi. Kumeneko m'malo mwa zoni mumapatsana nambala yoyambira pa 001, ndipo multiplier ndi chiyambi cha callsign, monga 7Q7.